Zimene zimachepetsa ngalande ya msana m'chiuno

Ambiri a ife tili ndi agogo, amalume kapena azakhali amene akayenda mtunda waufupi, mwina kuchoka kunyumba kufika pamsika, amayamba kudandaula kuti miyendo yalemera. Amati matako ndi ntchafu zikuwotcha, akatumba achita dzanzi, mapazi akumveka ngati si awo. Akakhala pansi mphindi zochepa, kapena akatsamira ndodo atawerama, ululu umaphwa ndipo amapitiriza ulendo. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amatha kupalasa njinga mtunda wautali osadandaula. Achibale ena akaona zimenezi amati mkuluyo akungochita ulesi, ena amati ndi nyamakazi wamba, ndipo ena amafika pokayikira anansi kuti amulodza.

Kawirikawiri gwero la vutoli silikhala m'miyendo ayi. Limakhala m'munsi mwa msana, pamene njira yodutsa mitsempha yopita kumiyendo yachepa. Madokotala amalitcha vutoli lumbar spinal stenosis. M'nkhani ino tifotokoza zimene zimachitika m'thupi kuti njirayo ichepe, kuti makolo adziwe chimene chikuwavuta, ophunzira amvetse akuluakulu awo, ndipo tonse tizindikire nthawi yothamangira kuchipatala.

Mmene msana unamangidwira

Msana wa munthu uli ndi mafupa 33 osanjikizana. M'khosi muli 7, kumbuyo kwa chifuwa kuli 12, m'chiuno muli 5, ndipo otsalawo anamatirirana pansi penipeni. Mafupa 5 a m'chiuno ndiwo aakulu kuposa onse chifukwa amasenza kulemera kwa mutu, manja, chifuwa ndi mimba. Madokotala amawawerenga kuchokera pamwamba: L1, L2, L3, L4 ndi L5.

Fupa lililonse lili ndi thunthu lolimba kutsogolo ndi kachigawo kokhota ngati uta kumbuyo. Pakati pa thunthu ndi utawo pali bowo. Mafupa akasanjikizana, mabowo aja amalunjikana n'kupanga ngalande yaitali yochokera pansi pa chigaza kufika m'chiuno. M'ngalandemo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umanyamula uthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Mwa munthu wamkulu mtsempha waukuluwo umathera cha pa L1 kapena L2. Kuchokera pamenepo kutsika mumakhala mtolo wa timitsempha tambiri totayana, timene akatswiri akale anatiyerekeza ndi mchira wa hatchi, ndipo mpaka lero amatitcha cauda equina m'Chilatini. Timitsemphati timatuluka tiwiritiwiri kudzera m'timipata ta m'mbali mwa msana. Ndito timayendetsa miyendo, timachititsa kuti khungu la mapazi limve kukhudza, komanso timathandiza munthu kusunga mkodzo ndi chimbudzi.

Ngalandeyi ili ndi makoma. Kutsogolo kuli mathunthu a mafupa pamodzi ndi timakhushoni totchedwa madisiki. Kumbuyo kuli uta uja ndi lamba wotanuka. Cha m'mbali kuli timfundo tiwiri tolumikiza fupa lapamwamba ndi lapansi. Khoma lililonse likafutukukira mkati, malo a mitsempha amachepa. Mwa anthu ambiri kukula kwa ngalandeyi kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo kumakhala mamilimita 15 kapena kuposa. Dokotala wa ku Netherlands, Henk Verbiest, amene analongosola bwino matendawa mu 1954, anadzaika malire akuti ngalande ya mamilimita 10 mpaka 12 ndi yochepa, ndipo yosafika mamilimita 10 ndi yochepa kwambiri. Tikaona pa rula tipeza kuti kusiyana kwa msana wabwino ndi wovuta ndi theka la sentimita basi.

Disiki ikayamba kuuma

Kusintha kumayambira pa disiki. Disiki iliyonse ili ndi zigawo ziwiri: kunja kuli mikombero ya ulusi wolimba wokulungana, ndipo mkati muli chinthu chofewa chokhala ndi madzi ambiri. Madziwo amagwiridwa ndi puloteni wotchedwa aggrecan, amene amayamwa madzi ngati siponji. Mwa khanda, magawo pafupifupi 90 pa 100 a chapakaticho ndi madzi, koma mwa okalamba amatsika kufika cha m'ma 70. Tsiku lililonse madisiki amafinyika tikamaima ndi kuyenda, ndipo amayamwanso madzi tikagona. N'chifukwa chake munthu amakhala wamtali m'mawa kuposa madzulo, mwina ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ophunzira akhoza kudziyeza pakhoma n'kuona okha.

Vuto la disiki n'lakuti mkati mwake mulibe mitsempha ya magazi. Maselo ake ochepawo amadalira chakudya ndi mpweya zimene zimalowerera pang'onopang'ono kuchokera m'mafupa a pamwamba ndi pansi pake. Zaka zikamapita, malire a fupa ndi disiki amauma ndipo timabowo todutsa chakudya timatsekeka. Maselo amafooka, ena amafa, ndipo otsalawo sakwanitsa kupanga aggrecan watsopano wolowa m'malo mwa amene akuwonongeka. Fodya amafulumizitsa zimenezi chifukwa amachepetsa magazi ofika m'timitsempha tozungulira disiki.

Disiki ikataya madzi imaphwa. Tonse tinaonapo tayala la njinga lochepa mpweya: limafupika ndipo limatukumukira m'mbali. Disiki imachitanso chimodzimodzi. Mafupa awiri amayandikirana, timipata ta m'mbali timachepa, ndipo mbali ina ya disiki imatukumukira kumbuyo, kulowa m'ngalande. Khoma lakutsogolo layamba kale kudya malo.

Mafuwa atatu

Dokotala wa mafupa William Kirkaldy-Willis, amene ankagwira ntchito ku Saskatoon m'dziko la Canada, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1970 kuti pakati pa mafupa awiri aliwonse a msana pali malo atatu ochirikizana: disiki kutsogolo ndi timfundo tiwiri kumbuyo. Tingawayerekeze ndi mafuwa atatu a pamoto. Fuwa limodzi likatitimira, mphika umapendekeka ndipo kulemera kumathamangira pa awiri otsalawo.

Timfundo takumbuyo tinapangidwa ngati bondo laling'ono. Tili ndi chicherewecherewe chosalala, timadzi toterera ndi kathumba kotikuta. Ntchito yake yaikulu ndi kuwongolera kayendedwe ka msana, ndipo timangosenza gawo lochepa la katundu. Disiki ikaphwa, timfundoti timayamba kusenza zoposa mphamvu yake. Chicherewecherewe chimaperepeseka, fupa limakhulana ndi fupa, ndipo malowo amatupa. Imeneyi ndi nyamakazi yofanana ndi ya m'mawondo, kungoti ili kumsana.

Fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo likamapanikizika limadziwonjezera. Maselo omanga fupa amaunjika fupa latsopano m'mphepete mwa mfundo kuti katundu agawikane pamalo aakulu ndiponso kuti kugwedera kuchepe. Thupi limachita zimenezi pofuna kudziteteza, koma fupa lowonjezeralo lilibe kwina kokulira koposa m'ngalande ndi m'timipata ta m'mbali. Kathumba kokuta mfundo nako kamakhuthala, ndipo nthawi zina kamatulutsa chotupa cha madzi chimene chimakanikiza mtsempha.

Lamba wachikasu

Khoma lakumbuyo lili ndi lamba wolumikiza uta wa fupa lina ndi uta wa linzake. Dzina lake ndi ligamentum flavum, kutanthauza lamba wachikasu. Mtunduwo umachokera ku ulusi wotanuka wotchedwa elastin, umene umapanga magawo pafupifupi 80 pa 100 a lambayu mwa wachinyamata. Tikawerama amatanuka, tikaongoka amabwerera osapindika.

Pa moyo wa munthu lambayu amakokedwa kambirimbiri, ndipo amang'ambika ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Thupi limasoka malo ong'ambikawo, koma silisokera ulusi wotanuka. Limasokera ulusi wolimba wotchedwa collagen, womwe uja umapanga chipsera pakhungu. Chimodzi mwa zinthu zimene zimalamula maselo kuti aunjike ulusi umenewu ndi puloteni wotchedwa TGF-beta, amene amachuluka pamalo otupa. Aliyense amene ali ndi chipsera cha moto amadziwa kuti chimakhala chokhuthala ndi chosatanuka. Lamba wachikasu amasandulika chotero pang'onopang'ono. Mwa ena amalowanso kashiamu n'kuuma gwa.

Pali chinanso. Disiki ikaphwa, mtunda umene lambayu amayenera kufunga umafupika, koma iye salinso wotanuka kuti adzikoke. Amakwinyika ngati lastiki wa kabudula wakale, ndipo makwinyawo amalowa m'ngalande. Mwa anthu ambiri achikulire lamba wokhuthalayu ndiye amadya malo aakulu koposa.

Zinthu zitatuzi zikakumana, disiki kutsogolo, timfundo m'mbali ndi lamba kumbuyo, ngalande imafinyidwa mbali zonse. Malo amene amavutika kwambiri ndi pakati pa L4 ndi L5, chifukwa pamenepo pamakumana katundu wambiri ndi kupindika kwambiri. Mtsempha umene umapanikizika kawirikawiri pamalowa ndi wa L5, umene umanyamula phazi ndi chala chachikulu m'mwamba ndiponso umamvetsa khungu la pamwamba pa phazi. N'chifukwa chake odwala ena amakoka phazi, amapunthwa patimiyala, kapena patapata amawavuka osadziwa.

Fupa likatsetsereka

Disiki ikaphwa ndipo timfundo tikaperepeseka, fupa lapamwamba likhoza kutsetserekera kutsogolo ndi mamilimita angapo. Izinso zimachitika kwambiri pa L4 pamwamba pa L5, makamaka mwa anthu opitirira zaka 50, ndipo amayi amapezeka nazo kwambiri kuposa abambo. Tiyerekeze mapaipi awiri olumikizidwa: limodzi likasuntha pang'ono, madzi amadutsa movutikira pamfundopo ngakhale kuti paipi lililonse palokha silinachepe. Mwa okalamba ena msana umakhoteranso kumbali, ndipo timipata ta mbali yopindikirayo timatsekeka.

Obadwa ndi ngalande yaing'ono

Anthu awiri a msinkhu umodzi, ogwira ntchito yofanana, akhoza kusiyana kwambiri. Wina amayenda bwinobwino ali ndi zaka 80, mnzake amayamba kuvutika ali ndi zaka 45. Chifukwa chimodzi ndi kukula kwa ngalande imene munthu anakula nayo. Ena ali ndi timizati tatifupi tolumikiza thunthu ndi uta, choncho ngalande yawo ndi yaing'ono kuyambira paubwana. Savutika ali achinyamata, koma kusintha kochepa chabe kumawakwanira kuti mitsempha ipanikizike, ndipo zizindikiro zimabwera msanga, mwina m'zaka za m'ma 30 kapena 40.

Chitsanzo choonekeratu ndi anthu obadwa ndi achondroplasia, amene amakhala aafupi kwambiri, a manja ndi miyendo yaifupi. Mu 1994 akatswiri anapeza kuti zimenezi zimachokera ku kusintha kwa jini lotchedwa FGFR3, limene limachedwetsa kukula kwa mafupa. Jini lomwelo limafupikitsa timizati ta msana, ndipo ambiri mwa anthu amenewa amadzavutika ndi ngalande yochepa akakula.

Chibadwa chimakhudzanso liwiro la kukalamba kwa madisiki. M'zaka za m'ma 1990, Michele Battié ndi Tapio Videman anaunika misana ya mapasa ofanana a ku Finland. Anapeza kuti madisiki a mapasa amawonongeka mofanana kwambiri ngakhale wina atagwira ntchito yolemetsa ndipo mnzake yopepuka. Izi sizikutanthauza kuti kusenza katundu mopitirira muyeso kulibe vuto. Zikutiphunzitsa kuti wodwala msana tisamamuweruze kuti anadzichititsa yekha.

Zifukwa zina

Si nthawi zonse pamene ukalamba ndiwo wachititsa. Chifuwa chachikulu cha TB chimatha kulowa m'mafupa a msana, monga analongosolera dokotala wa ku London, Percivall Pott, mu 1779. Tizilombo timadya thunthu la fupa, fupalo limaphwanyika, ndipo mafinya ndi zidutswa zimakankhira m'ngalande. Matendawa alipo kwathu kuno, amagwira ngakhale ana, ndipo amachizika ndi mankhwala ngati apezeka msanga. Khansa yochokera kwina, monga ya prostate mwa abambo kapena ya m'mawere mwa amayi, imathanso kufalikira kumsana. Ngozi ya pamsewu kapena kugwa mumtengo kukhoza kusiya fupa litapola mokhota.

Madzi okhala ndi fluoride wochuluka, akamwedwa zaka zambiri, amakhuthalitsa mafupa ndi kuumitsa malamba a msana. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Vutoli limadziwika m'madera a Rift Valley, ndipo mijigo ina ya m'dziko lathu imapyola muyeso umenewu. Chizindikiro choyamba chimakhala mano a mawanga ofiirira mwa ana a m'deralo. Komanso kunenepa kwambiri, kapena kumwa mankhwala a mtundu wa steroid nthawi yaitali, kumatha kuunjika mafuta mkati mwa ngalande.

Chifukwa chake kuwerama kumathandiza

Kukula kwa ngalande kumasintha malinga ndi kaimidwe. Tikaima chilili kapena kupindikira kumbuyo, lamba wachikasu amakwinyikira mkati, disiki imatukumukira kumbuyo ndipo timfundo timayandikirana, choncho ngalande imachepa. Tikawerama kapena kukhala pansi, lamba amakokeka n'kupyapyala ndipo ngalande imatseguka. Wokhala ndi ngalande yaikulu samva kusiyana kulikonse. Kwa amene ngalande yake yachepa kale, mamilimita ochepawo ndiwo amasiyanitsa ululu ndi mpumulo.

Mitsempha ya uthenga nayo imadya. Ili ndi timitsempha ta magazi toibweretsera mpweya ndi tina tochotsa magazi ogwiritsidwa ntchito. Munthu akamayenda, mitsempha yopita kumiyendo imagwira ntchito kwambiri ndipo imafuna magazi ochuluka. M'ngalande yothina, timitsempha tochotsa magazi ndito timayamba kufinyika chifukwa ndi tofewa. Magazi amadikha, malowo amafufuma, ndipo magazi atsopano amalephera kulowa. Mtsempha wosowa mpweya umatumiza uthenga wosokonekera, umene ubongo umaumva ngati kuwotcha, dzanzi kapena kulemera kwa miyendo, ngakhale miyendoyo ilibe bala. Munthu akakhala pansi, magazi amayambanso kuyenda ndipo zimatha.

Apa ndi pamene pagona yankho la njinga ija: wopalasa amakhala atawerama. Pachifukwa chomwecho kukwera chitunda kumakhala kosavuta kuposa kutsika, kukankha wilibala kumapepuka kuposa kuyenda chimanjamanja, ndipo mayi akhoza kulima atawerama koma n'kulephera kuima pamzere wa kuchigayo. Kumzikiti timaonanso zomwezo. Mkulu wotere amavutika pa kuima kwa nthawi yaitali, makamaka pa Swala za usiku m'mwezi wa Ramadhani, koma akawerama amapeza mpumulo.

Pali matenda ena ofanana nawo, a kutsekeka kwa mitsempha ya magazi ya m'miyendo, amene amapezeka kwambiri mwa osuta fodya ndi odwala shuga. Kusiyana kwake n'kwakuti wodwala mitsempha ya magazi amapeza bwino akangoima chilili, ndipo njinga imamupwetekanso. Wa ngalande yochepa kuima sikumuthandiza, mpaka akhale pansi kapena awerame. Wopita kuchipatala afotokoze bwino mfundo imeneyi, chifukwa imathandiza dokotala kudziwa koyambira.

Zoyenera kudziwa pakhomo ndi pagulu

Ngalande yochepa siimapweteka aliyense. Mu 1990, Scott Boden ndi anzake ku America anajambula ndi makina a MRI misana ya anthu amene sankadandaula chilichonse. Mwa opitirira zaka 60, pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anapezeka ndi ngalande yochepa. Choncho dokotala amayang'ana zimene munthu akumva pamodzi ndi chithunzi, osati chithunzi chokha.

Matendawa amayenda pang'onopang'ono, ndipo ambiri amakhala zaka osaipiraipira. Fupa lowonjezera ndi lamba wokhuthala sizisungunuka ndi mankhwala opaka, akumwa kapena kutemera. Zimene zimathandiza ndi kuyenda mopumira, kupalasa njinga, masewero olimbitsa mimba ndi msana amene a fiziyo amaphunzitsa, kuchepetsa thupi, kusiya fodya ndi kusamala shuga. Kugona tsiku lonse kumafooketsa minofu ndipo kumawonjezera vuto. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac akamwedwa nthawi yaitali amawononga m'mimba ndi impso, makamaka mwa okalamba, choncho asamangogulidwa pagolosale popanda uphungu wa achipatala. Ngati munthu wafika polephera kuyenda ngakhale pabwalo, madokotala amatha kuchita opaleshoni yochotsa gawo la uta ndi lamba wachikasu kuti mitsempha ipeze malo.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira. Munthu akayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka osadziwa, akachita dzanzi kumaliseche ndi pakati pa matako, kapena miyendo ikamafooka mofulumira, apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Zimenezi zimasonyeza kuti mtolo wonse wa mitsempha wafinyidwa, ndipo kuchedwa ngakhale kwa tsiku limodzi kapena awiri kukhoza kusiya chilema chosatha. Akuluakulu ambiri amachita manyazi kutchula zoterezi kwa ana awo, choncho mwana wamkulu kapena mbale wodalirika azifunsa mwaulemu, pambali. Kupweteka kwa msana kobwera ndi kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, kapena kosaleka ngakhale munthu atagona, nakonso kumafuna kuyezedwa msanga chifukwa kungakhale TB kapena khansa.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho lathu ndi losavuta. Malamulo a Swala amalola amene sangathe kuima kuti apemphere atakhala, koma ena amadzikakamiza poopa maso a anthu, ndipo ena amangosiya kubwera. Mipando ingapo yolimba kumapeto kwa mizere, benchi panja ndi chogwirira pamalo otawasira zingabweze anthu amenewa pakati pathu. Kwa inu ophunzira, mukamaperekeza agogo musawafulumizitse. Alandireni katundu, dziwani malo okhala a m'njira, ndipo akapempha kupuma muwadikire, chifukwa mphindi ziwiri kapena zitatu zimenezo ndi zimene mitsempha yawo ikufuna kuti ilandirenso magazi.